Ndere za Pathanki ya Amayi

Lachitatu, pa 17 Epulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi. Dzulo munandiimbira katatu ine osayankha. Foni inali m'manja mwangamu, ndikungoiyang'ana ikulira. Ndikhululukireni. Ndinadziwa kuti mukangoyamba kulankhula ndi mawu anu otsika aja, ine ndingoti "chabwino achimwene," nkhani n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake ndasankha kulemba papepala, ndijambule masamba onse ndikutumizireni. Chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Amayi akuuzani kuti ndaimitsa mmisiri wanu chifukwa cha tizilombo. N'zoona ndithu. Koma sanakuuzeni zonse, poti nawonso zonse sakuzidziwa.

Paja mumandiseka kuti sukulu yanga ndi yosuzumira fumbi. Lero ndikufotokozereni fumbilo. Kachilombo kamene ndimagwira nako ntchito dzina lake ndi tadigiredi, ena amati kachimbalangondo ka m'madzi. N'kakang'ono kuposa mpumiro umene ndiike kumapeto kwa chiganizo chino. Kali ndi timiyendo tisanu ndi titatu tonenepa, kumapeto kwake kuli zikhadabo, ndipo kamayenda mwaulesi ngati munthu wokhuta. Kamakhala mu ndere, zobiriwira zija zimamera pamiyala ndi pamakoma onyowa. Ndere zikauma, nako kamapinda miyendo n'kuuma gwaa, ungati kafa. Ukathira madzi kamatambasuka n'kuyambanso kuyenda ngati palibe chachitika. Mitundu yake ndi yambirimbiri, ndipo ntchito ya a Pulofesa amene amandiphunzitsa ndi kusiyanitsa mtundu uwu ndi uwo.

A Pulofesawo ndi mayi wachikulire, atsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito. Akhala akuwerama pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, zaka makumi atatu, koma osapezapo mtundu watsopano ndi umodzi womwe. Sadandaula pagulu, koma tonse timadziwa kuti zimawawawa.

Miyezi khumi yapitayo tinapita kuphiri kukatenga ndere. Tinalipo atatu: ine, iwowo, ndi bambo amene amasamala zipangizo za mu labu. Bambowa timawatcha a Makiyi chifukwa amayamba kumveka makiyi a m'chiuno eni ake asanaoneke. Tinanyamula maenvulopu a khaki makumi atatu, olembedwa kale manambala. Titadzaza makumi awiri ndi awiri, chimvula chinatithamangitsa. Potsika a Pulofesa anaterereka n'kuvulala bondo, moti mpaka lero amayendera ndodo. Buku lomwe tinkalembamo malo linanyowa, masamba omaliza inki yonse inasungunuka.

Maenvulopu osagwiritsa ntchito anatsalira m'chikwama changa. Loweruka lotsatira ndinapita kukaona amayi. Ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinaona ndere pakhoma la thanki yathu ya madzi, mbali ya mthunzi ija imadontha kuyambira tili ana. Ndinati nditengeko zoti ndikaphunzirire kusefa, poti manja anali asanazolowere ndipo sindinafune kuononga za kuphiri. Ndinapala ndi mpeni wa kukhitchini n'kuthira mu envulopu yomwe dzanja linayamba kugwira. Inali nambala 23. Lolemba ndinaiika pa shelefu ya mu labu kuti nderezo ziume, ndikuti masana ndilembapo kumene yachokera. Masanawo sindinalembe. A Makiyi pokonza m'chipindamo anaiphatikiza ndi zinzake za kuphiri m'bokosi, ine n'kuiwaliratu.

Patatha masabata atatu, ndikuchokera m'kalasi, ndinamva a Pulofesa akukuwa. Ndinathamanga poganiza kuti agwanso. Ndinawapeza ataimirira popanda ndodo, magalasi ali pamphumi.

"Bwera udzaone, mwanawe! Bwera msanga kasanabisale!"

Ndinasuzumira. Achimwene, kanali kokongola. Khungu lake linali ndi timabowo tondandalika m'mizere, ndipo pamiyendo yakumbuyo panali zikhadabo zazitali zomwe sindinazionepo m'buku lililonse. Koma nditadzutsa mutu ndinaona envulopu ili patebulo, nambala 23. M'kambale ka madzi momwe ananyikamo ndere munkayandama kachidutswa ka penti ya buluu, penti ija munapaka inu pathanki chaka chomwe munachoka.

"Nambala 23 tinatenga pati?" anafunsa a Pulofesa uku akutembenuza buku lonyowa lija. "Muno simukuwerengeka. Si pathanthwe lija la pafupi ndi mathithi, lomwe unakwera iwe?"

Anandiyang'ana misozi ili lengelenge. A Makiyi anali akuomba m'manja, anthu a m'maofesi ena atadzaza pakhomo. Ndinaganiza za bondo lawo lomwe linavulala paphiri limenelo. Ndinaganizanso kuti ndikanena zoona, onse adziwa kuti mwana watsopanoyu amasakaniza maenvulopu, ndiye ndani adzandikhulupirirenso? Pakamwa panatseguka pokha.

"Eya, ndi pomwepo."

Mawu atatu okha, achimwene. Ndinadzilonjeza kuti mawa phokoso likatha ndiwauza. Mawa linafika, ndinati mkuja. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine ndalinda miyezi isanu ndi inayi.

Mudziwe kuti kulengeza mtundu watsopano si kungokuwa kuti ndapeza. Tinkatola tizilomboto kamodzikamodzi ndi kachubu kopyapyala ngati tsitsi, n'kutigoneka pa timagalasi. Tizilomboto tinakwana makumi anayi ndi kamodzi. Kalikonse ndinakayeza thupi, zikhadabo, kampope ka kukhosi, ndi kuwerenga timano ta m'kamwa. Maso ankatuluka misozi, khosi kuuma. Poyamba tinakaika m'banja lina la tizilomboti chifukwa cha maonekedwe a zikhadabo. Kenako tinapeza mazira ake, ozungulira, okhala ndi timinga tovala tizipewa kunsonga, ndiye a Pulofesa anati, "Ayi, takapatsa abale olakwika." Tinayambiranso. Tina tinatumiza kwa anzawo a kunja kuti akayeze DNA, ndipo yankho linabwera lakuti kachilombo aka sikafanana ndi kena kalikonse kodziwika.

Ntchito yonseyi ndinaigwira ndi mtima wanga wonse, ndipo palibe nambala imodzi yomwe ndinapeka. Ichi chokha mundikhulupirire. Koma pali lamulo lakuti kamodzi kamasankhidwa kukhala mboni ya mtundu wonse. Kagalasi kake kamamatidwa pepala lofiira n'kusungidwa mosamala, kuti ngakhale patapita zaka zana, wofuna kutsutsa adzabwere adzaone yekha. Papepala lofiiralo pamalembedwa malo amene kanapezeka. A Pulofesa anati dzanja langa ndi lokongola, ndilembe ndine. Ndinalemba kuti pathanthwe, pafupi ndi mathithi. Dzina lomwe anakapatsa, la Chilatini, limatanthauza "wokhala kuphiri." Tsiku limenelo chakudya chinandikanika.

Zonse tinazilemba n'kutumiza ku magazini ya asayansi, dzina langa lili patsogolo. Kumeneko mkonzi amapereka zolembazo kwa akatswiri awiri obisika maina kuti aziunike. Woyamba anayamikira. Wachiwiri anayang'anitsitsa chithunzi cha ndere zomwe tinaikamo, n'kulemba mizere itatu yokha. Anati ndere za mtundu umenewo zimakonda laimu ndi simenti, pomwe miyala ya phiri tatchulalo ilibe laimu. Anafunsa ngati olembafe tikutsimikiza za malo. Mlandu suola, achimwene.

A Pulofesa anapsa mtima koopsa. "Munthu woti sanapondepo paphiri lija andiphunzitse ine miyala? Chabwino. Lachisanu tikwera, tikajambule thanthwelo, timutumizire ndi mwala womwe!"

A dokotala anawaletsa kukwera ngakhale masitepe ataliatali, koma ndani akanawauza? Anapempha galimoto ya sukulu, nsapato za kuphiri anazitulutsa. Ine masiku atatu amenewo ndinkangoyenda ngati chidole. Lachinayi masana, ndikutsuka timbale pa sinki, ndinamva makiyi kumbuyo kwanga. A Makiyi anatseka chitseko n'kuima pafupi.

"Mwana wanga, envulopu ija ndinaiika m'bokosi ndine. Zinzake zonse zinali ndi madontho a mvula. Iyo inali youma ngati yochokera m'sitolo."

Madzi ankangotayika pa mpopi.

"Ine sindinena kanthu, si nkhani yanga. Koma bondo lija likakathyokera pamwamba paja, ine ndidzanyamula mayiwo. Iwe udzanyamula chiyani?"

Anatseka mpopiwo n'kutuluka.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza a Pulofesa poimika magalimoto, atavala kale nsapato zija, akulongedza zingwe ndi botolo la mankhwala opha ululu. A Makiyi anali pa chiwongolero. Ndinagwira chitseko cha galimoto.

"A Pulofesa, musapite kuphiri. Kulibeko."

"Kulibeko chiyani?"

"Kachilombo kaja. Nambala 23 si ya kuphiri. Ndinapala pathanki ya madzi kwa amayi anga. Ndinakunamizani."

Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya nthawi yaitali, kenako n'kuwavalanso.

"Unadziwa liti?"

"Tsiku loyamba lomwe."

"Ndipo pepala lofiira unalemba ukudziwa?"

"Eya."

Anayang'ana nsapato zawo. Kenako anati, "Kwera."

"Tikupita kuti?"

"Kwa amayi ako. Kapena nawonso kulibeko?"

Ulendowo unali wa maola awiri. Ine ndinali kumbuyo pakati pa zingwe, ndikupemphera kuti ndere zija zikhalepo. Za mmisiri sindinkadziwa, poti paja munanena kuti ntchito yomanga chipinda iyamba mwezi wamawa. Titangokhota pa kanjira ka kwathu ndinamva kugunda, gu! gu! gu! Ndinatsika galimoto isanaimitsitse, nsapato imodzi n'kutsala m'momo.

Kuseri kunali fumbi lokhalokha. Mbali ya kudzuwa ya thanki inali itagwa kale, njerwa zili mbwee. Mmisiri anali atakweza chihamala kuti ayambe mbali ya mthunzi. Ndinalowa pakati pa iye ndi khoma, manja m'mwamba.

"Imani! Imani kaye, bambo!"

"Chemwali, mukufuna ndikamangidwe? Chokanipo apa!"

Amayi anatuluka m'khitchini ndi supuni m'manja, akufunsa kuti wamwalira ndani. Pomwepo a Pulofesa anatulukira pangodya ya nyumba, ndodo ili patsogolo. Anapereka moni mwaulemu, n'kupita molunjika pakhoma. Ndere zinalipo, koma zitakutidwa ndi fumbi la simenti, zotuwa ngati phulusa. A Pulofesa anagwada pansi ndi bondo lawo lovulala lomwelo. Ndinamva akubuula, ndinafuna kuwagwira, koma anandikankha dzanja.

Amayi anawerama pambali pawo. "Pepani mayi, mwataya ndolo?"

"Ayi mayi, ndikufuna zobiriwirazi."

"Zonyansazi? Zaka zonsezi ndimati ndizipala, koma msana ndi umene umandikaniza."

"Muuthokoze msanawo," anatero a Pulofesa. Tsiku lonselo ndi mawu okhawa amene anatuluka mofewa.

Anapala okha malo asanu ndi atatu. Envulopu iliyonse analemba okha, a Makiyi n'kusainira pambali, n'kujambula khoma lonse. Ine sanandilole kugwira kanthu. Mmisiri anakhala pa njerwa akupukusa mutu. Anati iye womulemba ntchito ndi mwana wamwamuna wa pakhomopo, osati tizilombo tosaoneka. Amayi anamupatsa tiyi n'kumunyengerera, mpaka anavomera kudikira kufika Lolemba likubwerali, pa 22. Akapanda kumva mawu anu, akuti m'mawa wa Lolembalo khoma ligwa.

Ndere tinazinyika m'madzi, ndipo Loweruka m'mawa tinakumana mu labu atatu tokha. Ankasefa ndi a Makiyi, a Pulofesa ali pa maikulosikopu, ine nditaima pafupi ndi firiji ngati wopalamula pabwalo la milandu. Mukumvetsa chomwe ndinkaopa? Tizilombo tikanapanda kupezeka, ndikanakhala munthu wonama kawiri, ndipo ntchito yonse ya miyezi isanu ndi inayi ikanatayidwa, poti mtundu wosadziwika kwawo palibe angaulandire. Kambale koyamba munali tinyongolotsi tokha. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu munali katadigiredi kamodzi, koma ka mtundu wamba wopezeka paliponse. A Makiyi ananong'ona kuti mwina fumbi la simenti latipha. Kachinayi, kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, palibe.

Pa kambale kachisanu ndi chiwiri, kochokera pansi penipeni pomwe pamadontha paja, a Pulofesa anasiya kutembenuza kagudumu. Kenako anasuntha mpando.

"Khala apa. Uone wekha."

Kanalipo, achimwene. Kakuyenda mwaulesi pa katsamba, timabowo tili m'mizere, zikhadabo zazitali zija zikukokera kumbuyo. Pambali pake panali tina tiwiri ndi dzira limodzi la tizipewa. Ndinalira mpaka galasi loonera linachita nkhungu.

"Usalire pa makina anga," anatero a Pulofesa. "Kachilomboka n'katsopano ndithu. Iko sikananame. Ananama ndiwe, ndipo ine ndinafuna kwambiri kuti kakhale ka kuphiri, moti sindinafunse kawiri. Tonse tikayankha."

Tsiku lomwelo analembera mkonzi uja kuvomereza kuti katswiri wachiwiri ananena zoona. Taganizani, mayi wa msinkhu umenewo kudzitsitsa pamaso pa anzake chifukwa cha ine. Dzina lija la "wokhala kuphiri" lafufutidwa. Pepala lofiira analimatula okha, n'kundipatsa lina kuti ndilembe iwo akuona. Ndinalemba kuti pakhoma la simenti la thanki ya madzi, kuseri kwa nyumba.

Tsopano ndifike pomwe ndakhala ndikuzungulira. Dzulo m'mawa ndinaitanidwa ku komiti ya sukulu yoona za mwambo. Anali anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali. Mmodzi ankafuna andichotseretu. A Pulofesa anapempha kulankhula, ndipo anati, "Akanatha kukhala chete, ine n'kukwera phiri n'kubwerako chimanjamanja, tonse n'kumati tizilombo tasamuka. Palibe akanamugwira. Anaulula ndisanakwere." Atakambirana, anagamula kuti dzina langa likhalebe pa zolemba zija koma kumapeto, ndipo andiimitsa sukulu chaka chathunthu.

Ndiye kuti chaka chino sindivala mkanjo wa omaliza maphunziro, achimwene. Ndikudziwa kuti tchuthi munapempha kale kuntchito kwanu, ndipo alamu anandiuza mwachinsinsi kuti suti munagula. Ndikudziwanso amene anasiya sukulu yake kuti yanga ipitirire, bambo atatisiya. Simunandiwerengerepo zimenezi ngakhale tsiku limodzi, ndipo n'chifukwa chake zikundilemera chonchi. Ndakuchititsani manyazi. Ndilibe chodzitetezera.

Ndipo pamwamba pa manyaziwo ndikubweranso ndi pempho, ngati munthu wopanda nkhope. Khoma latsalalo ndi lalitali mapazi anayi okha. Padziko lonse lapansi, malo amene tikudziwa kuti kachilomboka kamakhala ndi pamenepo basi. Akatswiri ena adzafuna kubwera kudzatsimikiza, ndipo a Pulofesa akufuna chaka chimodzi choti tifufuze pamakoma ena a m'deralo ngati kaliponso. Ndinamufunsa mmisiri ngati chipinda chingamangidwe khomalo lili chiimire. Anayeza ndi tepi yake, n'kunena kuti n'zotheka, koma chipindacho chichepa, ndipo zenera lomwe munkafuna liyang'ane kumsewu liyenera kupita mbali ina. Sindikupeputsa zimenezi. Mwakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba za eni, mukulota chipinda chanuchanu choti mudzafikiremo ndi banja lanu pakhomo pa amayi. Ine ndikukupemphani kuti muchichepetse chifukwa cha kanthu koti simudzakaona ndi maso, komanso chifukwa cha mlongo amene wangokuuzani kumene kuti ndi wabodza.

Za komitizi amayi sakudziwa. Chonde musawauze, ndikawauza ndekha Loweruka, ndikuwayang'ana kumaso. Ndatopa n'kubisa zinthu. A Pulofesa akuti chaka choimitsidwachi ndizibwerabe kudzathandiza a Makiyi kutsuka timagalasi, ngati sindikuona kunyozeka. Ndavomera. Sanandisekererebe, koma lero m'mawa andifunsa ngati ndadya.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti andikhululukire poulula za suti. Kamwana kanu mukapsompsone pamphumi m'malo mwa azakhali ake amene sanakanyamulepo. Kakadzakula mudzakauze nkhaniyi yonse, osachotsapo mbali yanga yoipayi.

Nyumba ndi ya amayi, chipinda ndi chanu, ndipo mawu omaliza ndi anu. Mukati khoma likhale, ndidzakuthokozani moyo wanga wonse. Mukati ligwe, sindidzakusungirani kanthu kukhosi, ndipo sindidzaimanso kutsogolo kwa hamala. Mungondiuza Lolemba lisanafike, kuti Lamulungu ndikagone kwa amayi, ndilawirire ndi mpeni ndi maenvulopu, ndipulumutse tomwe ndingathe.

Mulungu akusungeni kumene muliko, achimwene anga.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa amayi